Ndolo zanga zachilendo akuziseka: ndipitirize kapena ndisiye?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwa Mponda, pafupi ndi boma la Mangochi. Iwo akuti: "Ndimapanga ndolo za mikanda ndi za chitenje. Zimagulidwa ndithu, koma ndi zomwezo zimene aliyense akupanga. Posachedwapa ndinayesa zangazanga: zina za mamba a chambo, zina zoluka ndi mlaza, komanso peyala imodzi imene ndolo ya kumanja siifanana ndi ya kumanzere. Alamu anga ataziona anaseka, amvekere palibe munthu wanzeru angavale zinyalala za kudoko. Panopa zili m'kachitini. Ndikuopa kuwononga kampamba kanga, ndiponso ndikuopa kuti ndikaziika pa Facebook ena andibera luso. Ndichite bwanji?"

Achemwali, tulutsani ndolozo m'kachitinimo. Pa zonse zimene mwalembazi, chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti ntchito yoyamba yochokeradi m'mutu mwanu ndi imene mwaitsekera mumdima. Ndagwira ntchitoyi ndi kuiphunzitsa kwa nthawi yaitali kuno kunyanja, ndipo amisiri ambiri amene ndawaona akuisiya sanagwe chifukwa choyesa zachilendo. Anagwa chifukwa chopanga kandolo kamodzimodzi kamene kali pa tebulo lililonse. Katundu akafanana, chotsala n'kulimbirana mtengo basi: uyu atsitse, uyo atsitsenso, mpaka phindu lonse lithere m'ulendo wokagula mikanda. Ndiye yesani ndithu. Kungoti kuyesa kuli ndi malo ake. Pa maonekedwe, pa mtundu, pa kutalika ndi pa zipangizo, limbani mtima mmene mungathere. Koma khutu la munthu wovalayo, lamulo la dziko, ndi ndalama yodyetsa ana anu, amenewo si malo oyeserapo.

Anthu akamati "zoterezi sizivalidwa kuno" amaiwala kuti zimene timazitcha zamakolo lero zinali zachilendo tsiku lina. Mikanda yagalasi imene agogo athu ankavala m'khosi ndi m'chiuno sinkapangidwa kuno. Yambiri inkachokera ku Venice ndi ku Bohemia, n'kufika kuno m'mitolo ya amalonda a Chiyao amene ankayenda mpaka ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique. Amayi a kuno ndi amene anailandira, n'kuitunga mwa njira yawoyawo mpaka inasanduka yathu. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza amayi a Chimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo chokongoletsera chotchedwa pelele, ndipo nthawi imeneyo kukongola kunali komweko. Lero simungachione. Chipini cha pamphuno chinayamba kuoneka ngati cha agogo okha, koma taonani atsikana a m'tauni akuboolanso mphuno. Maso a anthu amasintha, ndipo amasintha chifukwa wina amayamba wavala chimene anzake sanachizolowere.

Inu muli ndi mwayi umene mmisiri wa ku Lilongwe alibe. Mukadzapeza mpata, pitani ku Chembe, ku Cape Maclear, mukayang'ane tinsomba totchedwa mbuna m'miyala muja madzi ali phee. Muli tina tabuluu tamizere yakuda, tina tachikasu chowala, tina tamathothomathotho ngati tapakidwa ndi mwana. Nsomba zimenezi ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona mitundu imeneyo, pamene ife timakatengera kasakanizidwe ka mitundu pa zithunzi za pa intaneti. Yang'ananinso nsonga ya nkhafi, kupindika kwa kutsogolo kwa bwato, maso a ukonde utayanikidwa, kunyezimira kwa usipa pa thandala dzuwa likamapendeka. Zonsezi ndi maonekedwe oti akhoza kulendewera pa khutu. Palinso nkhani ya ndalama. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja, mikanda, timbedza, waya, guluu, chinakwera mtengo. Amene amadalira zogula m'sitolo zokhazokha akulira kwambiri kuposa amene theka la ndolo yake amalitola pakhomo.

Tiyeni tione mamba a chambo, chifukwa ndi amene alamu anu awatcha zinyalala, ndipo akapanda kukonzedwa bwino amakhaladi zinyalala. Mamba amabwera ndi kachikopa koterera, ndipo fungo limabisala m'menemo. Aviikeni m'madzi a sopo, muziwatikita ndi zala, kusintha madzi kangapo mpaka kuterera konse kutatha. Kadontho ka Jik m'madzi otsukuluzira kamathandiza, koma akakhalitsamo amafewa kenako amathetheka akauma. Mukawayanika poyera amapiringizika, choncho ayaleni pakati pa nsalu ziwiri, pamwamba muikepo thabwa ndi mwala. Boolani ndi singano akadali ndi kachinyontho pang'ono, chifukwa akauma gwa amang'aluka. Utoto wa nsalu amaulandira bwino kwambiri, ndipo popeza kuwala kumadutsamo, ndolo ya mamba imaoneka mosiyana padzuwa ndi m'nyumba. Posoka, asanjikeni monga amakhalira pa nsomba, lina kuphimba theka la linzake, ndi ulusi wa nayiloni wowedzera uja woonda. Pomaliza pakani vanishi woonekera mkati, mopyapyala, mbali zonse, chifukwa mamba osapaka akangonyowa amapindikanso. Musanagulitse, tsekerani ndoloyo m'kabotolo kouma tsiku lathunthu pamalo otentha, kenako tsegulani mununkhize. Mukamva kafungo ngakhale pang'ono, bwererani kotsuka. Mamba enieniwo pemphani kwa amayi opala nsomba kumsika kapena kumalo odyera. Chambo chachepa, ndipo mukudziwa mmene chinathera m'nyanja ya Malombe kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndiye ndolo zanu zizichokera ku zimene zikanatayidwa, osati kuti wina aphe kasawala chifukwa cha inu.

Mlaza ndi wosavuta. Oluka mikeka, madengu ndi zipewa a m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay amaudziwa kuposa ine, ndipo ndikanakhala inu ndikanapita kukakhala pansi ndi gogo mmodzi woluka, ndi kangachepe m'manja, kuti andionetse kang'ambidwe ka timizere toonda kwambiri ndi kamalizidwe ka m'mphepete. Ndolo ya mlaza imafera m'mphepete: pakatha masabata awiri nsonga zimayamba kutuluka n'kumakola tsitsi. Nthawi ya dzinja imachitanso chuku ikasungidwa m'pepala la pulasitiki isanaumitsitse.

Mtengo womwewo umene umatipatsa mlaza uli ndi chuma china chimene amisiri ambiri amangochiponda. Mukaswa chipatso cha mgwalangwa chokhwima, mkatikati muli njere yoyera, yolimba zedi, imene kunja amapangira mabatani. Ikauma bwinobwino imadulika ndi sowo yodulira zitsulo, imasalala ndi tupa ndi sandipepa, ndipo ikapukutidwa imawala ngati mnyanga wa njovu. Kufanana kumeneku n'kokoma, komanso n'koopsa. Chisinthireni lamulo loteteza nyama zakuthengo mu 2017, wopezeka ndi mnyanga wa njovu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Choncho ndolo ya mgwalangwa, kapena ya fupa ndi nyanga ya ng'ombe, izituluka m'manja mwanu ndi kakhadi konena bwinobwino kuti yapangidwa ndi chiyani, kuti mlendo asakavutike pabwalo la ndege. Munthu akakubweretserani kachidutswa koyera n'kumanong'ona kuti "ichi ndiye chenichenicho", musachikhudze n'komwe. Chimodzimodzi chikamba cha fulu ndi dzino la mvuu. Zigoba za nkhono n'zokongola, koma musatole m'dera la paki, chifukwa m'menemo n'koletsedwa kuchotsa zachilengedwe. Ngati mukufuna mtengo wakuda wa phingo, pemphani tizidutswa totsala kwa osema ziboliboli, poti mtengowu ukusowa ndipo umakula mochedwa kwambiri. Ndipo nthawi zonse mukamapala chigoba, fupa kapena nyanga, nyowetsani kaye ndipo muvale chophimba pamphuno. Fumbi lake likamalowa m'mapapo tsiku ndi tsiku limadwalitsa.

Pa njere za zomera ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene kukongola kumapusitsa anthu. Pali tinjere tofiira piriwiri tokhala ndi kadontho kakuda kumutu, ta chomera choyanga chimene akatswiri amachitcha Abrus precatorius. Timaoneka ngati tinalengedwera ndolo. Koma mkati mwake muli poizoni wotchedwa abrin, ndipo kanjere kamodzi katatafunidwa kangathe kupha mwana. Mukakaboola kuti mutunge, mwatsegula khomo la poizoniyo, ndipo singano yobooleramo ikakulasani chala mwadziika pangozi nokha. Njere za nsatsi, zamawangamawanga zokongola zija, nazonso zili ndi poizoni wake wotchedwa ricin. Zisiyeni zonsezi. Njere za malambe zilibe vuto limeneli, ndipo milambe kuno ili ponseponse. Zitsukeni, ziphikeni pang'ono kuti tizilombo ta mkati tife, ziumitseni bwino, apo ayi anankafumbwe adzatuluka ndolo ili kale m'bokosi la kasitomala.

Tsopano kambedza kolowa m'khutu. Mbali imeneyi ndi yaing'ono kuposa zonse, koma ndi imene imamanga kapena kugwetsa dzina la mmisiri. Timbedza totchipa togulitsidwa m'timapaketi tambiri timakhala tachitsulo wamba tokutidwa ndi nickel, ndipo anthu ambiri, makamaka amayi, thupi lawo limadana ndi nickel: khutu limayabwa, limafiira, limatuluka timadzi. Vutoli n'lodziwika kwambiri moti mayiko a European Union anaika lamulo lochepetsa nickel m'zovala za m'makutu mu 1994. Kuno kotentha, thukuta la mwezi wa October limadya chokutiracho msanga, dzimbiri n'kuyamba. Tengani maginito: akakoka kambedza mwamphamvu, dziwani kuti pansi pa kuwalako pali chitsulo chochita dzimbiri. Funani timbedza tolembedwa 316L, chimene ndi chitsulo chosachita dzimbiri chimene makutu ambiri amachilola, kapena ta siliva wolembedwa 925. N'todula, inde. Gulani tochepa, muziika pa ndolo zanu zapamwamba, ndipo muziwauza ogula chifukwa chake mtengo uli wotero. Kupaka polishi wa zikhadabo pa kambedza kotchipa kumangothandiza masiku ochepa. Ngati mukupinda nokha ndi pulayala, waya wake akhale wa mamilimita 0.7 kapena 0.8, ndipo nsonga yake muisalaze mpaka isakande mukaiyendetsa pa dzanja. Waya wa mkuwa ndi wabwino popanga thupi la ndolo, koma asalowe m'khutu, amasiya zobiriwira pakhungu. Ndiponso mkuwa muzidziwa kumene wachokera. Wa m'mamota akale opsa ulibe mlandu, koma wobwera nawo mnyamata usiku ukhoza kukhala wa mawaya a ESCOM, ndipo wogula ndi wakuba onse amatengedwa.

Kulemera nakonso. Pepala limodzi la A4, lija la mu ofesi, limalemera magalamu 5. Ine ndolo yoti munthu aivale kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndimafuna ikhale pafupi ndi pamenepo. Ikapitirira kwambiri imakoka boowo, ndipo pakapita zaka khutu limang'ambika. Ubwino wa mamba ndi mlaza ndi umenewu: mukhoza kupanga ndolo yaikulu ngati chikhatho cha mwana koma yopepuka ngati tsamba, chinthu chimene wa mikanda yagalasi sangachite.

Ganiziraninso moyo wa mayi amene adzavale. Kuno ku Mangochi amayi ambiri amafunda mpango kapena hijab, ndipo ndolo yaitali yokhala ndi nsonga imakola nsalu, nthawi zina n'kuing'amba. Mayi wobereka mwana kumbuyo amadziwa kuti kadzanja kaja kakangoona cholendewera kamagwira n'kukoka. Anthu amenewa akakana ndolo yanu yaitali sakunyoza luso lanu, akuteteza makutu awo. Apangireni zazifupi zomatirira pa khutu, zosalala m'mbali. Ndipo luso lomwelo la mamba likhoza kupita pa kapini komangira hijab, kamene kamaonekera kunja tsiku lonse pamene ndolo yabisika. Zazitali zisungireni a ku ukwati, ku chinkhoswe ndi atsikana a ku koleji.

Peyala yosafanana ija ndaikonda ndisanaione, koma ili ndi lamulo lake. Kusiyanako kuzionekeratu kuti n'kwadala. Ndolo ziwiri zikasiyana pang'ono chabe, woona amaganiza kuti mmisiri analakwitsa kapena wovalayo anataya imodzi n'kutolera ina. Zikasiyana kwambiri, ina yaitali ina yaifupi, ina bwato ina nkhafi, munthu amamvetsa msanga. Pakhale chinthu chimodzi chozimangiriza, mtundu umodzi kapena chipangizo chimodzi, ndipo kulemera kwake kusatalikirane, apo ayi wovalayo amamva mutu ukupendekera mbali imodzi.

Za mpamba, musasiye ndolo zimene zikukudyetsani. Pa mapeyala khumi alionse amene mukupanga, asanu ndi atatu akhale aja ogulidwa kale, awiri akhale oyesera. Ndalama ya zoyeserazo muziipatula pa phindu, ndipo mumtima muziiwerengera ngati fizi ya sukulu: ikabwerera mwapindula, ikapanda kubwerera mwaphunzira. Maganizo atsopano muziyamba mwawadula pa katoni kapena pa chitini cha zakumwa, n'kuwayika pafupi ndi khutu pagalasi, musanawononge chipangizo chenicheni. Ndoloyo ikatha, ivaleni nokha sabata yathunthu. Pitani nayo kumsika, phikani nayo pamoto, kwerani nayo kabaza, isiyeni pawindo padzuwa muone ngati utoto ukusuluka. Guluu wa mfuti uja wosungunula amafewa m'kutentha kwathu kuno, ndipo supa guluu amauma n'kuthetheka, kusiya zoyera m'mbali. Wolimba ndi uja wosakaniza machubu awiri, koma kumene mungathe kusoka kapena kumanga ndi waya, chitani zimenezo m'malo momata. Khalani ndi kope lolembamo chilichonse: munaviika nthawi yaitali bwanji, utoto wanji, chinathyoka n'chiyani. Pakatha chaka kope limenelo lidzakhala la mtengo wapatali kuposa zida zanu zonse.

Nanga alamu anu? Musakangane nawo, ndipo musawadule. Iwo anena zimene ogula ena adzaganize mumtima osanena, kuti mamba ndi chinthu chonunkha cha kudoko. Yankho lake ndi ndolo yoyera, yosanunkha, yomalizidwa bwino moti munthu azifunsa kuti "kodi zimenezi n'chiyani?" asanadziwe. Pomvera zonena za anthu muzisiyanitsa mitundu iwiri. Wina akati "ine sindingavale", wakuuzani za iye mwini, ndipo si kasitomala wa ndolo imeneyo basi. Koma akati "ikundilemera", "yandikanda", "yakola mpango wanga", "yasuluka nditangoivala kawiri", ameneyo wakupatsani mphatso, muthokozeni ndipo mukakonze. Ndolo yachilendo siifuna kuti mudzi wonse uikonde. Ikufuna anthu ochepa oikonda kwambiri, oti akaivala ku ukwati anzawo aziwafunsa kumene anaigula.

Anthu ochepa amenewo simungawapeze ndolo zili m'kachitini. Yambirani pa WhatsApp status, pamene oona ndi anthu okudziwani, kenako Facebook, ndipo ngati bandulo ikulola, Instagram kapena TikTok. Chithunzi chabwino sichifuna foni yodula. Pukutani kagalasi ka kamera, jambulani m'mawa kapena chakumadzulo pamthunzi wa pakhonde, osati padzuwa la masana kapena ndi fulashi. Kumbuyo kukhale chinthu chosachuluka zochitika: thabwa lakale la bwato, mchenga, nsalu ya mtundu umodzi. Chitenje chamaluwamaluwa chimameza ndolo. Chithunzi chimodzi chizikhala cha ndolo ili pa khutu, kuti anthu aone kukula kwake, ndipo amene wakubwerekani khutu mum'pemphe kaye chilolezo. Ngati safuna nkhope yake ioneke, jambulani khutu ndi khosi pokha. Ndolo ya mamba imafuna kavidiyo ka masekondi ochepa, mutu ukutembenuka, chifukwa kukongola kwake kuli m'kugwedera ndi m'kuwala. Lembani mtengo poyera. Chizolowezi choti aliyense wofunsa mtengo azimuuza kuti abwere ku inbox chimathamangitsa anthu amanyazi, amene nthawi zambiri ndi amene akanagula. Lembaninso mawu awiri atatu onena kumene chipangizo chachokera, monga kuti mamba awa ndi a chambo cha pamsika wa Mangochi, mlaza uwu unang'ambidwa ndi gogo wa kwa Makawa. Wogula amakonda kukhala ndi nkhani yoti akafotokoze akafunsidwa. Ndipo musadikire kuti zonse zikhale bwino kwambiri. Onetsani ngakhale ntchito ili pakati, mufunse anthu kuti pakati pa buluu ndi chikasu asankha chiyani. Munthu amene anasankha nawo mtundu amabwera kudzagula.

Pa zoberedwa luso sindikunamizani: ndolo yanu ikayamba kugulidwa, ena adzaikopera. Lamulo lilipo. Copyright Act ya 2016 imateteza ntchito zaluso, bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito zoterezi, ndipo maonekedwe a katundu akhoza kulembetsedwa ku ofesi ya Registrar General. Koma lamulo limateteza chinthu chimene mwapanga, osati ganizo lakuti mamba akhoza kukhala ndolo, ndipo kuthamangitsana ndi mnzanu wa pamsika m'makhoti kungadye ndalama zoposa zimene ndoloyo ingabweretse. Chitetezo chenicheni cha mmisiri wamng'ono chili pena. Chithunzi chimene mwaika pa Facebook chimakhala ndi tsiku, ndiye kuonetsa msanga ndi umboni woti munayamba ndinu, pamene kubisa sikukusiyirani umboni uliwonse. Lembani dzina la bizinesi yanu pakona ya chithunzi ndi pa kakhadi kolendewerapo ndolo. Onetsani manja anu akugwira ntchito, koma zinsinsi za m'kope lija, katsukidwe, kasakanizidwe ka utoto, kumene mumagula timbedza tabwino, zisungeni. Wokopera amatenga zimene diso likuona. Ndolo yake idzanunkha pakatha mwezi, yanu ayi, ndipo ogula adzadziwa kusiyana kwake. Pamene iye akulimbana ndi ndolo yanu ya chaka chatha, inu mudzakhala mutatulutsa ina.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ikukhudza inu. Mukaona ndolo yokongola pa Pinterest kapena kwa mmisiri mnzanu, phunziranipo kamangidwe, koma musaitenge yonse n'kumati ndi yanu. Ndipo pali zinthu zina zimene kulimba mtima sikuyenera kufikako popanda kufunsa eni ake. Mawu a m'Qur'an olembedwa pa ndolo imene munthu adzalowa nayo kuchimbudzi adzakhumudwitsa anansi anu ambiri, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka. Nkhope za Gule Wamkulu ndi zizindikiro za kuchinamwali zili ndi eni ake ndi miyambo yake. Kufunsa akuluakulu musanapange sikuchepetsa luso lanu.

Kogulitsa, musaike mtima wonse pa alendo akunja. Amabwera ambiri m'miyezi yopanda mvula, ndipo tonse tikukumbuka mmene malo ogona alendo a ku Cape Maclear ndi ku Nkopola anakhalira zii mu 2020 chifukwa cha Covid-19. Amene anapulumuka ndi amene anali ndi makasitomala a konkuno ndi a m'mizinda yathu: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki, anthu obwera kumisonkhano kunyanja kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Konzekerani nyengo zawo, Eid, maukwati a m'chilimwe, tsiku la anakubala pa 15 October, Khirisimasi, ndipo ndolo zatsopano muzizitulutsa kutatsala masabata angapo, osati dzulo lake. Mukasiya katundu pa shopu ya pa loji kuti akugulitsireni, lembani m'kope peyala iliyonse, mtengo wake, gawo limene iwo adzatenge ndi tsiku lodzawerengerana, onse awiri musayine. Pa tebulo panu musalole anthu kuyesa ndolo m'khutu. Ikani galasi, aziyerekeza pambali pa khutu, ndipo ngati ina yalowa m'khutu la munthu ipukuteni ndi sipiliti isanabwerere pa khadi.

Chomaliza ndi mtengo, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri amadzipweteka okha. Chifukwa cha mantha, ndolo yachilendo amaitchipitsa kuposa yawamba, poganiza kuti mamba anangotola ndiye alibe mtengo. Werengani maola amene mwatsuka, kuyanika, kuboola ndi kusoka, muwapatse mtengo monga mmene mungalipirire munthu waganyu waluso. Onjezani kambedza, vanishi, khadi, bandulo, thiransipoti, ndi kachidutswa kolipirira zoyesera zimene zinakanika. Mudzapeza kuti ndolo ya mamba iyenera kudula kuposa ya mikanda, ndipo muitchule mtengo umenewo osatsitsa mawu. Munthu akakupatsani oda ya ukwati, ya mapeyala ambiri ofanana, alipire theka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba musanayambe, mum'tumizire chithunzi cha peyala yoyamba avomereze, kenako mupange zotsalazo. Pa tsiku lomulonjeza muziwonjezerapo masiku angapo, makamaka m'dzinja, chifukwa mamba ndi mlaza siziuma msanga kunja kukachita mitambo.